Lipoti la bedaquiline: kuchokera ku labotale ya ku Beerse kufika pa wodi ya TB yosamva mankhwala

Lipotili likukamba za mankhwala amodzi, bedaquiline, omwe lero ndiwo mzati wa chithandizo cha chifuwa chachikulu chosamva mankhwala. Ine ntchito yanga ndi yoona odwala TB pa chipatala cha boma, kupanga mankhwala si mbali yanga. Komabe ife operekafe tiyenera kudziwa njira yomwe mankhwala anadutsa asanafike m'kabati mwathu, poti mavuto angapo omwe tikulimbana nawo pa wodi anayambira komweko: pa kapangidwe kake, pa kayesedwe kake ndi pa malamulo oyamba a kaperekedwe kake. Chandilembetsa n'chakuti panadutsa zaka zoposa 40 dziko lisanapeze mankhwala a TB a mtundu watsopano, koma lero tikuwapereka kwa odwala ambiri osayeza kaye ngati tizilombo tawo tikuwamva.

Tisanakhale nawo

TB yomva mankhwala timaichiza miyezi 6 ndi isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol. Onsewa ndi achikale. Isoniazid anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952, rifampicin m'zaka za m'ma 1960. Woyamba weniweni anali streptomycin, yemwe Albert Schatz anamupeza mu 1943 mu labotale ya Selman Waksman ku yunivesite ya Rutgers ku America, ndipo vuto lathuli linaonekera pa iye yemweyo. Pa kafukufuku wa ku Britain amene zotsatira zake zinatuluka mu 1948, odwala ambiri opatsidwa streptomycin yekha anapezeka ndi tizilombo tosamumva patangopita miyezi yochepa. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. M'mphako ya m'mapapo mumakhala tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo pakati pa ito sipalephera kukhala tingapo tomwe majini ake anasintha kale. Mankhwala amodzi amapha tambirito n'kusiyira malo tochepato kuti tiswane. N'chifukwa chake TB sachiza ndi mankhwala amodzi okha. Mfundoyi muisunge, tikumana nayonso kutsogoloku.

Tizilombo tikasiya kumva isoniazid ndi rifampicin, matendawo timawatcha MDR-TB. Bungwe la WHO limawerengera kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 400,000 amadwala TB yosamva rifampicin kapena MDR-TB. Chithandizo chakale chinali cha miyezi 18 mpaka 24, mapiritsi opitirira 14,000 kwa ena, kuphatikizapo jakisoni wa kanamycin, amikacin kapena capreomycin pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi 6 mpaka 8. Ochira ankangokwana theka.

Amene anagwirako ntchito nthawi imeneyo akukumbukira namwino akufufuza ndi chala malo ofewa pa thako la wodwala, mbali zonse zitauma ndi jakisoni wa dzulo ndi dzana. Kugontha nako, woyamba kukuona nthawi zambiri sanali wodwala koma gadiyani. "Adokotala, masiku ano tikawaitana sakuyankha, kaya atikwiyira." Ukawafunsa eni ake, amati m'makutu mukungolira usiku wonse. Pofika pamenepo timaselo ta mkati mwa khutu timakhala titafa kale, ndipo sitimeranso. Zipatala zambiri zinalibe makina oyezera kumva, choncho tinkadziwa mochedwa. Cycloserine ankasokoneza mutu, ena mpaka kuganiza zodzipha. Ethionamide ndi PAS ankachititsa nseru moti odwala ena ankayamba kudukwa atangoona kapu ya mapiritsi.

Mu 2006 madokotala anafalitsa zomwe anaona ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Mwa odwala 53 omwe TB yawo sinkamva ngakhale mankhwala a gulu lachiwiri, operekedwa oyamba aja akakanika, 52 anamwalira, theka la iwo m'masiku 16 okha chiperekereni makhololo. Onse omwe anayezedwa HIV anapezeka nako. Zotsatira za ku labotale zinkafika maliro ataikidwa kale.

Momwe anawapezera

Ntchitoyi anaitsogolera Koen Andries wa kampani ya Janssen m'tauni ya Beerse ku Belgium, mogwirizana ndi katswiri wa kemisitile Jérôme Guillemont wa nthambi ya kampaniyo ku Val-de-Reuil, ku France. Janssen inali nthambi ya kampani ya Johnson & Johnson.

Njira yomwe anatsata inkaoneka yachikale pa nthawiyo. M'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anatengeka ndi kuwerenga majini a mabakiteriya. Ankasankha puloteni imodzi yomwe bakiteriya sangakhale moyo popanda iyo, kenako n'kufunafuna mankhwala oitseka ili payokha m'kabotolo. Pa pepala zinkamveka bwino. Koma kampani ya GlaxoSmithKline inadzaulula mu 2007 kuti pa maulendo 70 omwe inasefa mankhwala ake pakati pa 1995 ndi 2001, inangotolapo 5 oyenera kupita nawo patsogolo. Mankhwala otseka puloteni m'kabotolo nthawi zambiri amalephera kuboola khungu la bakiteriya wamoyo, ndipo ena akalowa amatulutsidwanso. Kwa kachilombo ka TB ndiye zonyanya, chifukwa khungu lake ndi lochindikala, lamafuta okhaokha.

A ku Janssen anathira mankhwala pa mabakiteriya amoyo athunthu n'kuona ngati akufa, funso la momwe akufera analisiyira m'tsogolo. Sanayambe ndi kachilombo ka TB kenikeni, poti kamagawikana kamodzi pa maola pafupifupi 20, kamatenga milungu itatu kapena inayi kuti kamere moonekera, komanso kamafuna labotale yotetezedwa kwambiri. Anagwiritsa ntchito mbale wake, Mycobacterium smegmatis, yemwe amamera m'masiku awiri kapena atatu ndipo sadwalitsa munthu wabwinobwino. Pa mankhwala oposa 70,000 omwe anayesa, panatuluka gulu lina latsopano lotchedwa diarylquinoline. Akatswiri a kemisitile anayamba kulisinthasintha, kuchotsa apa kuonjezera apo, mpaka anapeza lomwe analipatsa nambala yakuti R207910, pambuyo pake TMC207. Molekyu yakeyo ili ndi malo awiri pomwe maatomu angakhale mbali iyi kapena iyo, choncho popanga pamatuluka mitundu inayi yofanana zopangira, koma umodzi wokha ndi umene uli ndi mphamvu yeniyeni. Kuupatula pa inzake ndi ntchito yovuta kwa opanga mpaka lero.

Kuti adziwe pomwe mankhwalawa amagunda, anameretsa dala tizilombo tosawamva, n'kuwerenga DNA yake yonse, n'kuiyerekeza ndi ya tizilombo tomva. Kusintha kunapezeka pa jini ya atpE, yomwe imapanga gawo la enzayimu yotchedwa ATP synthase. Iyi ndi imene imapanga ATP, mphamvu yomwe selo lililonse limayendera. Ili ndi kagudumu kozungulira mkati mwa khungu la selo, ndipo bedaquiline amakakanirira pa kagudumuko ngati mwala wolowa pakati pa lamba ndi gudumu la chigayo: injini ilipo, chimanga chilipo, koma ufa sukutuluka. Panalibe mankhwala ena a TB ogunda pamenepa, ndiye tizilombo tosamva isoniazid kapena rifampicin tinkafa chimodzimodzi ndi tinzake. Chinanso, ngakhale tizilombo togona tomwe sitikugawikana timafunabe ATP pang'ono kuti tikhale ndi moyo, moti natonso sitipulumuka.

Nkhawa inalipo. Munthu nayenso ali ndi ATP synthase m'maselo ake. Kafukufuku wa mu 2009 anaonetsa kuti enzayimu ya munthu imafuna mlingo woposa ka 20,000 kuti itsekeke poyerekeza ndi ya kachilomboka. Nkhani yoyamba ya mankhwalawa inatuluka mu magazini ya Science kumayambiriro kwa 2005, ndipo inanena kuti pa mbewa anapha tizilombo kuposa isoniazid ndi rifampicin, ndi kuti ataphatikizidwa ndi ena anayeretsa mapapo a mbewa m'miyezi iwiri.

Kuyesa pa anthu

Apa mankhwalawa anatsala pang'ono kutayidwa. Muyeso woyamba wa mankhwala a TB pa anthu umakhala wa masiku ochepa: wodwala amamwa mankhwala amodziwo, makhololo ake n'kumawerengedwa tizilombo tsiku ndi tsiku. Isoniazid amagwetsa chiwerengerocho m'masiku awiri oyambirira. Pa muyeso wa masiku 7 ku South Africa, bedaquiline sanaonetse kanthu m'masiku oyamba, mphamvu yake inayamba kuoneka cha pa tsiku lachinayi, pa mlingo wa 400 mg. Kachilombo kamakhala ndi ATP yosungira, ndipo kakapanikizika kamachepetsa ntchito zake, ndiye kufa kwake kumachedwa. Muyesowo ukanakhala wa masiku awiri okha monga ankachitira kale, mwina sitikanamva za dzina limeneli.

Kenako anayesa pa odwala MDR-TB, ena kuwaonjezera bedaquiline pa chithandizo chakale, ena kuwaonjezera mapiritsi opanda mankhwala. Gawo loyamba, lomwe Andreas Diacon wa ku yunivesite ya Stellenbosch ndi anzake anafalitsa mu 2009, linali ndi odwala 47. Patatha milungu 8, makhololo anali atayera, kutanthauza kuti anasiya kumeretsa tizilombo mu labotale, mwa odwala 48 pa 100 alionse a bedaquiline, pomwe mbali inayo anali 9 pa 100. Gawo lachiwiri linali ndi odwala 160. Makhololo ankayera pa masiku 83 m'malo mwa 125, ndipo patatha milungu 120 ochira anali 58 pa 100, mbali inayo 32.

Koma panali imfa. Mwa odwala 79 a bedaquiline anamwalira 10, mwa 81 a mbali inayo anamwalira 2. Imfa imodzi yokha ndi yomwe inachitika munthu akumwabe mankhwalawa, ndipo zoyambitsa zinali zosiyanasiyana, komabe kusiyanako kunali kwakukulu moti sakanangokukankhira pambali, makamaka poti zinkadziwika kale kuti bedaquiline amatalikitsa gawo la kugunda kwa mtima lotchedwa QT. Bungwe la FDA ku America linawavomereza mwa njira yofulumira pa 28 December 2012, ndi dzina la malonda lakuti Sirturo, kafukufuku wamkulu womaliza wa pa odwala ambiri asanachitike, ndi chenjezo lalikulu pa pepala lake. Mu June 2013 WHO inati aperekedwe pokhapokha pamene dokotala wasowa mankhwala okwanira opangira chithandizo chogwira.

Pa umboni womwe unalipo, kusamala kumeneko sindikunyoza. Koma taonani zomwe lamulolo linabala. Mankhwala atsopano anasungidwira odwala omwe tizilombo tawo tinali titakana kale pafupifupi china chilichonse. Kwa ena mwa iwo, bedaquiline ndiye anali yekhayo wogwira ntchito pakati pa mapiritsi ochuluka omwe ankameza. Zomwe dziko linaphunzira pa streptomycin mu 1948 zinabwerezedwa mwakachetechete. Nthawi yomweyo odwala ena onse, omwe akanapindula kwambiri chifukwa anali ndi mankhwala ena othandizira, anapitiriza kubayidwa ndi kugontha kwa zaka zina zisanu.

Zomwe South Africa inachita

Umboni womwe unatembenuza zinthu unachokera m'kaundula wa odwala wa boma la South Africa. Dzikolo linayamba kupereka bedaquiline kwa odwala osankhidwa mu 2013, n'kumakulitsa chaka ndi chaka. Atawerenga kaundulayo mu 2018 anapeza kuti mwa odwala 1,016 omwe analandira bedaquiline, 12.6 pa 100 anamwalira, pomwe mwa oposa 18,000 omwe sanalandire anamwalira 24.8 pa 100. Mu June chaka chomwecho unduna wa zaumoyo, nthambi ya TB yosamva mankhwala ikutsogozedwa ndi Norbert Ndjeka, unalengeza kuti bedaquiline alowa m'malo mwa jakisoni kwa odwala onse. WHO inatsatira mu August, kuika bedaquiline pa gulu la mankhwala oyamba kusankhidwa pa TB yosamva mankhwala limodzi ndi linezolid ndi levofloxacin kapena moxifloxacin, n'kuchotsa kanamycin ndi capreomycin.

Zotsatira zinabwera motsatizana. Bungwe losapanga phindu la TB Alliance linayesa bedaquiline, pretomanid ndi linezolid kwa miyezi 6 pa odwala 109 ovuta kwambiri ku South Africa, pa kafukufuku wa Nix-TB, ndipo 90 pa 100 anachira, ngakhale ambiri anavutika ndi dzanzi ndi kuchepa magazi chifukwa mlingo wa linezolid unali waukulu. Pretomanid anavomerezedwa mu August 2019. Bungwe la Médecins Sans Frontières linaonjezera moxifloxacin pa kafukufuku wa TB-PRACTECAL ku Belarus, South Africa ndi Uzbekistan, n'kupeza 89 pa 100 ochira, chithandizo chakale 52. Mu December 2022 WHO inavomereza chithandizo cha miyezi 6 chimenechi, BPaLM. Kuwerenga kuchokera pa nkhani ya mu Science ija, panali patapita zaka pafupifupi 18.

Pa wodi

Mlingo wodziwika ndi 400 mg tsiku lililonse kwa milungu iwiri, kenako 200 mg katatu pa mlungu kwa milungu 22. Ndi mapiritsi 188 a 100 mg. Amalowa m'magazi pafupifupi kawiri ngati amwedwa ndi chakudya, makamaka chokhala ndi mafuta pang'ono, ndiye ine ndimalangiza phala lothira nsinjiro, lomwe mabanja ambiri angakwanitse. Chiwindi chimawaphwanya ndi enzayimu ya CYP3A4, yomwe efavirenz, mmodzi wa ma ARV, amaifulumizitsa mpaka kuchepetsa bedaquiline m'magazi ndi pafupifupi theka. Kuno kwathu, komwe odwala TB ambiri alinso pa ma ARV, zimenezi zikanativuta kwambiri, mwayi wake dziko linasamukira pa dolutegravir kuyambira mu 2019, ndipo iyeyu sasokonezana ndi bedaquiline.

ECG, muyeso wa kagundidwe ka mtima, ndi yofunika wodwala asanayambe komanso m'kati mwa chithandizo, makamaka poti moxifloxacin ndi clofazimine nawonso amatalikitsa QT. Makina ena amawerengera okha, koma ine ndimatsimikizabe ndi maso: kuyala pepala pa tebulo, kuwerenga timabokosi kuchokera pomwe Q wayambira mpaka pomwe T wathera, kabokosi kamodzi mamilisekondi 40, kenako kukonza nambalayo ndi njira ya Fridericia pa foni. Ikapitirira 500 timaimitsa mankhwala, n'kuyeza potaziyamu ndi maginiziyamu. Wodwala amene akusanza kapena kutsegula m'mimba ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa, chifukwa michere imeneyi imatsika msanga. Kunena zoona, mtima sunativute monga tinkaopera. Chomwe chativuta ndi china.

Bambo wina wa zaka zapakati, yemwe anabwerera kumudzi kuchokera ku maganyu ku South Africa atayamba kutsokomola ndi kuonda, anapezeka ndi TB yosamva rifampicin pa makina a GeneXpert. Anali kale pa ma ARV a dolutegravir. Tinawayambitsa chithandizo cha mapiritsi okhaokha chokhala ndi bedaquiline, levofloxacin, linezolid ndi clofazimine pakati pa ena. ECG yawo inali bwino. Patapita miyezi ingapo thukuta la usiku linatha, thupi linabwerera, makhololo anayera. Khungu lawo linada chifukwa cha clofazimine, monga tinawachenjezera, ndipo akazi awo anandiuza motsitsa mawu kuti anthu kumudzi ayamba kulozana.

Tsiku lina atabwera kudzatenga mankhwala anafunsa ngati angawapatsiretu a miyezi yonse yotsala.

"Bambo, sitingatero. Pafunika tizikuyezani magazi ndi mtima mwezi uliwonse. Mukufuna kupita kuti?"

"Abwana anga aimba, akuti malo anga akupatsa wina. Ine ndachira, adokotala, taonani thupili. Nanga ana adya chiyani?"

Tinakambirana za kalata yowatumizira ku chipatala cha komwe akupitako, anavomera, koma tsiku lodzaitenga sanabwere. Mlangizi wa zaumoyo atapita kunyumba anapeza atanyamuka.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ikuchokera pa kapangidwe ka molekyu ija. Bedaquiline amakonda mafuta, amalowerera m'minofu n'kumatuluka pang'onopang'ono. Pamatenga miyezi pafupifupi isanu ndi theka kuti theka lake lichoke m'thupi. Levofloxacin ndi linezolid amatha m'maola, pakapita masiku awiri kapena atatu mulibemo. Ndiye munthu akasiya mapiritsi onse tsiku limodzi, kwa miyezi yambiri tizilombo totsala timakumana ndi bedaquiline wochepa mphamvu, wopanda omuthandiza. Yekhayo amene amatsala naye ndi clofazimine, yemwenso amachedwa kutuluka, ndipo monga tione, awiriwa kachilombo kamawakana ndi njira imodzi.

Bamboyo anabweranso chaka chisanathe, atatheratu, akulavula magazi. GeneXpert inangobwereza zomwe tinkadziwa kale, kuti rifampicin sagwira. Za bedaquiline siinena kanthu. Makhololo tinatumiza ku labotale yaikulu, komwe kumeretsa kokha kumatenga milungu, kuyeza mankhwala milungu inanso. Munthu wodwala mwakayakaya sungamuuze kuti adikire. Tinakhala pansi ndi anzathu a komiti yoona za TB yosamva mankhwala n'kupanga chithandizo chachitali, tikuwerenga bedaquiline ndi clofazimine ngati okayikitsa, n'kuonjezera ena omwe sanamwepo. Pomwe ndikulemba lipotili akadali pa mankhwala, ndipo a pabanja pawo tawayeza.

Mtengo ndi umwini

Mtengo woyamba wa miyezi 6 unali madola 900 ku mayiko osauka, 3,000 ku mayiko apakati, 30,000 ku mayiko olemera. Mu 2015 kampani ya Janssen inayamba kupereka kwaulere chithandizo cha anthu 30,000 kudzera ku USAID. Mtengo unatsika kufika madola 400 mu 2018 ndi 340 mu 2020. Patenti yaikulu, chiphaso choletsa makampani ena kupanga mankhwalawa, inkatha mu July 2023, koma kampani inafuna kutalikitsa umwini kudzera pa patenti ina ya mchere wa mankhwalawo wotchedwa fumarate. Amayi awiri omwe anachira TB koma atagontha ndi jakisoni, Nandita Venkatesan wa ku India ndi Phumeza Tisile wa ku Khayelitsha ku South Africa, anatsutsa pempholo mu 2019, ndipo ofesi ya mapatenti ya ku India inalikana mu March 2023. Mu August chaka chomwecho mtengo wa kudzera ku Global Drug Facility, bungwe logulira mayiko mankhwala a TB, unagwa kufika madola 130. Ofufuza ena anawerengera mu 2020 kuti ndalama za maboma ndi mabungwe zomwe zinalowa pa bedaquiline zinali pakati pa madola 455 miliyoni ndi 747 miliyoni, kuposa zomwe kampaniyo inaika.

Komabe ndinene kuti msika wa mankhwala opha mabakiteriya ndi wovuta kwa aliyense. Mankhwala abwino atsopano timawasunga m'kabati kuti asagwiritsidwe ntchito mwachisawawa, ndipo wodwala amawamwa kanthawi kochepa. Mankhwala atsopano opha mabakiteriya a kampani ya Achaogen, plazomicin, anavomerezedwa mu June 2018, koma pofika April 2019 kampaniyo inali itagwa. Makampani akuluakulu ambiri anachokamo mu ntchitoyi.

Kukana kwayamba

Mu labotale ya ku Beerse tizilombo tinkakana bedaquiline posintha jini ya atpE. Mwa odwala, njira yofala ndi ina. Kachilombo kali ndi kampope kotchedwa MmpS5-MmpL5 kotulutsa zinthu kunja kwa selo, ndipo jini ya Rv0678 ndi yomwe imakaletsa kugwira ntchito mopitirira. Jiniyo ikawonongeka, timipope timachuluka n'kumatulutsa bedaquiline asanafike pa kagudumu kaja. Timipope tomweto timatulutsanso clofazimine, moti munthu amene anamwapo clofazimine yekha angakhale ndi tizilombo tokana bedaquiline asanamulawe n'komwe.

Ku South Africa, kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anapeza kukana kumeneku mwa odwala 3.8 pa 100 asanayambe chithandizo, koma mwa omwe anamwapo kale bedaquiline kapena clofazimine kunali 21 pa 100. Ku Mozambique, ofufuza omwe anawerenga DNA ya tizilombo tosamva rifampicin anapeza kuti kukana bedaquiline kunakwera kuchoka pa 3 pa 100 mu 2016 kufika 14 pa 100 mu 2021. Ili ndi dziko lomwe anthu athu amawoloka tsiku ndi tsiku ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Mulanje, kukagula, kukalima, kukaona abale ndi kukalandira chithandizo. Kuyambira mu 2021 WHO inasintha tanthauzo la XDR-TB, TB yokana mankhwala ambiri kuposa MDR-TB, kuti liphatikize kukana bedaquiline kapena linezolid.

Zida zoyezera zatsalira kutali. Ngakhale katiriji ya makina a GeneXpert yotchedwa Xpert MTB/XDR imangoona kukana isoniazid, ma fluoroquinolone (gulu la levofloxacin ndi moxifloxacin), ethionamide ndi majakisoni omwe tinawasiya aja. Kupanga katiriji ya bedaquiline n'kovuta chifukwa kusintha kwa Rv0678 sikuchitika pa malo amodzi monga zimakhalira kawirikawiri pa rifampicin. Kumamwazikana jini yonse m'mitundu yambirimbiri, ina yobweretsa kukana, ina ayi. Zotsala ndi kumeretsa m'makina a MGIT, komwe kumachedwa, kapena kuwerenga majini osankhidwa kuchokera m'makhololo, njira yomwe WHO inaivomereza mu 2023 koma imafuna makina, magetsi osazimazima ndi anthu ophunzitsidwa. Ine ndikuona kuti ndalama zomwe zapulumuka mtengo utagwa kuchoka pa 340 kufika 130 malo ake oyamba ndi amenewa, pamodzi ndi chakudya ndi thiransipoti ya odwala, chifukwa munthu wothawa mankhwala chifukwa cha njala amatayitsa bedaquiline kwa iye yekha komanso kwa omwe adzawapatsire.

A TB Alliance ndi akatswiri a ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand apanga mankhwala ena a gulu lomweli, TBAJ-876 ndi TBAJ-587, omwe anawachepetsa kukonda mafuta ndi kukhudza mtima, ndipo pa mbewa aonetsa mphamvu yoposa ya bedaquiline ngakhale pa tizilombo ta Rv0678. Koma amagunda pa enzayimu yomweyo ndipo timipope tomwe tija timawakhudzanso, choncho akadzafika adzafunabe muyeso womwe tikuusowa lerowu. Pakadali pano, wodwala aliyense amene anamwapo bedaquiline kapena clofazimine n'kubweranso, kapena amene makhololo ake sanayere pofika mwezi wachinayi, kapena amene amakhala nyumba imodzi ndi wotere, ndimamutengera makhololo awiri asanameze piritsi loyamba, ndipo pa fomu ya ku labotale ndimalemba ndi zilembo zazikulu mankhwala omwe anamwapo, chaka chake, miyezi ingati, ndi dziko lomwe anawalandirira.